Dikishonale ya Oxford Advanced Learner's, ndinaigula chifukwa cha liwu limodzi loti perfunctory

Papita miyezi isanu chigulireni bukuli, ndiye ndaona kuti manje ndingakambe zoona zake, chifukwa chinthu chikakhala chatsopano sabata yoyamba chilichonse chimaoneka chokoma. Imene ndili nayo ndi ya nambala 10, imene inatuluka mu 2020. Koma kuti mumvetse chimene chinandichititsa kutulutsa ndalama zanga za chilimba n'kugula buku, pomwe foni ndili nayo m'manja, ndiyambe ndi chimene chinandigwera ku nchito.

Ndimagwira pa risepushoni pa kiliniki ina ya pulayiveti kuno ku Lusaka, dzina sinditchula. Chaka chilichonse amatipatsa fomu ija imene a supavaiza amalembapo mmene wagwirira nchito chaka chonse, iwe n'kuwerenga n'kusaina. Ya ine zonse zinali bwino, kufika nthawi yake, mafayelo osasokoneza, ndalama osasowa olo ngwee imodzi, koma pa mzere wa kalandiridwe ka odwala a madamu analemba kuti moni wanga ndi perfunctory. Liwu limeneli ndinali ndisanalionepo chibadwire, ngakhale Chizungu ndinakhoza bwino pa Giredi 12 ndipo tsiku lonse pa desiki paja ndimakamba Chizungu chomwecho. Maso ataona zilembo zoyambirira mtima unathamangira ku perfect, pakati ndinaona ngati pali function, ndiye ndinangoti basi akutanthauza kuti ndimachita bwino. Ndinasaina n'kubweza fomu. Madzulo mu minibasi yopita ku Chilenje kamtima kanandivuta, ndinatsegula ka app kena kaulere kamene kanali mu foni, kaja kamene usanaone tanthauzo uyambe waonera zotsatsa za kubetcha, ndipo kanandipatsa liwu limodzi chabe, routine. Ndinati chabwino, routine si kutukwana, ndiye kuti ndimapereka moni tsiku ndi tsiku mosaphonya.

Ndinakhala masabata awiri ndili ndi maganizo amenewo. Amene ananditsegula maso ndi a sisita ena achikulire amene timadya nawo limodzi masana, nditawaonetsa kopi ya fomu ija anavula magalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mwanawanga, liwu ili sakukutamanda ayi, kaliyang'ane bwino mu dikishonale yeniyeni." Sanafune kundiuza okha, ndikuganiza anaopa kundipweteka pamaso pa anthu.

Loweruka lake ndinalowa mu tauni n'kugula dikishonale kwa munthu wina amene amayala mabuku pansi m'mbali mwa msewu, kufupi ndi City Market. Chikuto chinali ngati chenicheni, mtengo wotsika kwambiri, ine n'kusangalala. Kufika kunyumba kutsegula pa chilembo P ndinapeza kuti masamba ena abwerezedwa kawiri, ena palibiretu, ena inki yake yofooka ngati risiti yakale, ndipo gawo lenileni limene ndimafuna kunalibe. Inali yokopera mwakuba. Wogulitsa uja nditabwerera Lolemba sanaoneke. Zinandiwawa chifukwa ndalama ija inali ya ndiwo za sabata yathunthu. Ndiye itafika nthawi yanga yolandira chilimba ndinapita ku shopu ya mabuku yeniyeni, ndinapempha kuti anditsegulire pulasitiki ndione mkati ndisanalipire, anavomera mosavuta, ndipo ndi imeneyo ndikukamba lero.

Tsopano mverani chimene ndinapeza, chifukwa apa ndi pamene pali kusiyana konse pakati pa bukuli ndi ka app kaja. Liwu lija alilemba, kenako akuonetsa katchulidwe kake ka ku Britain ndi ka ku America, ndi kachizindikiro koonetsa pamene uyenera kukweza mawu, pa gawo lachiwiri, pafupifupi ngati pa-FANK-tari. Kenako akuuza kuti ndi mfotokozi, uja tinkaphunzira mu kalasi ya Chinyanja kuti ndi mawu ofotokoza dzina. Kenako pali kaliwu kakang'ono koti formal, kutanthauza kuti ndi la m'makalata, m'malipoti ndi m'mabuku, osati lokambira ndi mnzako pa msika wa Soweto. Kenako asanapereke tanthauzo akuyamba akuchenjeza kuti liwuli limafotokoza chochita, ndipo tanthauzo lake ndikaliika m'chinenero chathu ndi ili, chinthu chimene munthu wachita chifukwa choti ndi udindo kapena chizolowezi chabe, mtima palibepo, chidwi palibepo. Pansi pake aika zitsanzo zoonetsa mawu amene limakonda kuyenda nawo, kugwedeza mutu, kumwetulira, kuyesetsa. Mizere yake ndi yochepa, mwina inayi kapena isanu, koma nditamaliza kuwerenga ndinakhala pa bedi nthawi yaitali osakamba kanthu.

Chifukwa a madamu sananame. Routine ndi theka chabe la nkhani, theka limene app ija inasiya ndi limene linali ndi uthenga wonse. Moni ndinkapereka inde, kwa aliyense, koma maso ali pa kompyuta, dzanja latambasuka kale kufuna khadi, "mwauka bwanji" akutuluka pakamwa pomwe yankho sindikulidikira n'komwe. Munthu wabwera ndi mwana wotentha thupi usiku wonse sanagone, ine ndamufunsa mmene wadzukira koma asanatsegule pakamwa ndafunsa kale nambala ya fayelo. Ine ndinakulira ku Katete, ndipo kwathu moni wotere ndi chipongwe. Ambuya anga mlendo akafika ankayamba amuyalira mphasa, akhale pansi, apume, kenako iwo n'kugwada chapatali n'kuomba m'manja n'kufunsa mmene wayendera, kumene wachoka awasiya bwanji, ana ali bwanji, ndipo yankho lililonse ankalimvera mpaka lithe. Mwana akapereka moni ali chiimire kapena akuyenda ankabwezedwa kuti akayambirenso. Ine ndinaleredwa choncho, koma zaka zisanu ndi chimodzi pa desiki, anthu ambirimbiri tsiku lililonse, foni ikulira mbali iyi dokotala akuitana mbali iyo, moni wanga unauma n'kutsala wa pakamwa chabe ine osadziwa.

Chimene chinandigwira mtima n'choti chinthu chimenechi ife timachidziwa bwino kwambiri, kungoti tilibe liwu limodzi lochinyamula chonse. Timati wangochita kuti zichoke. Timati moni wa pakamwa. Munthu akapita pa maliro n'kukhala mphindi khumi panja pa tenti, osalowa n'komwe kukapepesa anamfedwa, timati anangopita kukaonetsa nkhope. Munthu akakupatsa nsonga za zala m'malo mwa dzanja lonse, nkhope ili kumbali, umadziwa mumtima kuti moni uwu ndi wongokwaniritsa mwambo. Mwana umutume kusesa iye n'kudutsitsa tsache pakati pokha makona onse osakhudza, pemphero la pa chakudya lothamangitsa chifukwa nsima ikuzizira, pepani amene munthu wanena chifukwa akuluakulu amukakamiza. Zonsezi ndi perfunctory. Nditalimvetsa choncho silinandichokenso m'mutu.

Poyamba ndinaganiza kuti mwina ndi chimodzimodzi ndi chiphamaso, koma ayi. Wachiphamaso amafuna kukunamiza, amaseka nawe kwambiri kuti uganize kuti amakukonda pomwe mumtima muli zina. Wochita zinthu mwa perfunctory sakuvutika n'komwe kuti akunamize, akungofuna kuti chinthucho chithe apite ku china. Ndipo si ulesi weniweni, chifukwa waulesi sachita n'komwe, pomwe uyu wachita ndithu, ukamufunsa ali ndi poyankhira kuti kodi sindinakupatseni moni.

Zakuti liwuli linachokera kuti ndinazipeza pa webusayiti yawo ya Oxford Learner's Dictionaries, imene ndi yaulere ndipo pansi pa mawu ambiri pali kabokosi ka chiyambi cha liwu. Linalowa m'Chizungu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kuchokera ku Chilatini, ku mneni woti perfungi, amene amatanthauza kuchita chinthu mpaka uthane nacho, kuchitula. Ndiye maso anga aja ataona function sanalakwe kwenikweni, muzu ndi umodzi, ndipo ndi muzu womwewo uli mu defunct, liwu lija amanenera kampani kapena bungwe limene linasiya kugwira nchito. Koma perfect ndi wa banja lina, amangofanana poyambira pokha. Ndikuganiza kuti ambiri amene aona liwuli koyamba amagwa pa msampha womwewu, chifukwa nditafunsa anzanga atatu ku nchito awiri anayankha kuti ndi kuchita bwino. Tangoganizani munthu kulemba mu kalata yofunsira nchito kuti iye amagwira nchito mwa perfunctory poganiza kuti akudzitamanda, nchito imeneyo yapita.

Ubwino wina wa buku la pepala ndi wakuti liwu limodzi limakutuma ku lina. Ndinafuna kudziwa kusiyana kwake ndi mawu awiri amene ndinkawamva kale. Loyamba ndi cursory, limene limakamba za liwiro, makamaka kuyang'ana kapena kufufuza chinthu mothamanga osalowa mkati, ngati mlonda wa pa geti amene wangosuzumira mu chikwama chako sekondi imodzi n'kuti pitani. Muzu wake ndi liwu la Chilatini lotanthauza kuthamanga. Munthu akhoza kuyang'ana mwa cursory chifukwa nthawi yamuthera ngakhale mtima ulipo, pomwe perfunctory vuto lake ndi mtimawo, ukhoza kuchita pang'onopang'ono koma n'kukhalabe wopanda chidwi. Lachiwiri ndi lackadaisical, limene okonda mpira mumalidziwa chifukwa owulutsa mpira amalikonda madifenda akamayenda ngati sakufuna. Ili ndiye mphwayi zenizeni, ndipo limagwira munthu kapena khalidwe lake lonse, pomwe perfunctory nthawi zambiri limagwira chochita chimodzi, moni, kumwetulira, kupepesa, kufufuza. Ndipo bukuli linandithandiza kuona kuti ambiri timalitchula molakwa, timaika s pakati n'kumati laksa, pomwe kalembedwe kake ndi lacka, s ali kutsogolo uko. Mukafuna kunena kuti munthu wachita chinthu mwa njira imeneyi pali perfunctorily, naye ali pompo pansi pa mnzake, koma ndi lolemera pakamwa ndipo ine ndimangolizindikira ndikaliwerenga, kukamba sindilikamba.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake pa chikuto analemba Learner's. Dikishonale iyi sinalembedwere Mzungu wa ku London amene anayamwa Chizungu, inalembedwera ife amene tinachipeza ku sukulu. Amene anaiyambitsa ndi A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku England amene ankaphunzitsa Chizungu ku Japan, ndipo anaona kuti ophunzira ake tanthauzo lokha silinkawakwanira, ankafuna kudziwa kuti liwu limakhala pati mu chiganizo ndipo limayenda ndi mawu ati. Yoyamba inasindikizidwa ku Tokyo mu 1942, nkhondo ili mkati, ndipo Oxford University Press inaitulutsa mu 1948. Maganizo a mphunzitsi amenewo alimobe mpaka lero, umachita kumva kuti wolemba akudziwa pamene iwe ungapunthwe.

Chinthu china chimene ndachikonda kwambiri, matanthauzo amawalemba ndi mawu osavuta ochokera pa mndandanda umene amautcha Oxford 3000, mawu 3,000 amene anaona kuti ndi ofunika kwambiri kwa wophunzira. Ndiye suyang'ana liwu lovuta n'kupeza kuti alifotokoza ndi liwu lina lovuta kuposa loyambalo, zimene zinkandichitikira ndi kadikishonale kakang'ono ka m'thumba kamene tinali nako ku sekondale. Mawu a pa mndandandawo, ndi ena 2,000 owonjezera amene pamodzi amapanga Oxford 5000, ali ndi kachizindikiro ka kiyi ndi mlingo wake, kuyambira A1 kukwera mpaka C1. Perfunctory alibe kiyi. Izi zinanditonthoza pang'ono, chifukwa zikuonetsa kuti si liwu la tsiku ndi tsiku ndipo kusalidziwa si umbuli, komanso zimandithandiza kudziwa mawu oti ndiwaloweze ndi oti ndingowazindikira ndikakumana nawo. Kumapeto kuli gawo lophunzitsa kalembedwe ka makalata, maimelo, malipoti ndi CV, ndi lina la kakambidwe. La makalata ndaligwiritsa kale nchito kawiri, la kakambidwe sindinalikhudze kwenikweni.

Ena mudzafunsa kuti ngati webusayiti ndi yaulere, bwanji kugula buku. Funso labwino, ndipo ndikambe mosabisa, ngati vuto lanu ndi liwu limodzi pa mwezi, webusayiti ikukwanirani, tanthauzo ndi lomwelo ndipo ili ndi chimene pepala silingachite, mumadina n'kumva munthu akutchula liwulo. Ine katchulidwe ka perfunctory ndinakagwira nditamvera kangapo pamenepo, chifukwa tizilembo ta katchulidwe tija timafuna kuti uyambe waphunzira tebulo lake. Koma webusayiti imafuna bando ndi foni yokhala ndi moto, ndipo tonse tikukumbuka 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti kupita pafupifupi tsiku lonse, foni kuisunga ngati dzira kuti mwina wina aimba. Buku silifuna chaja. Chachiwiri, kunyumba kuli mwana wanga wamkazi wa Giredi 11, ndipo ndikamupatsa foni kuti ayang'ane liwu ndimamupeza ali pa TikTok. Ndi buku amayang'ana liwu limodzi n'kuwerenganso atatu oyandikana nalo, tsiku lina anabwera ku khitchini kudzandifunsa ngati ndikudziwa kuti perfume ndi perforate ali pafupi ndi liwu langa lija, ndipo onse awiri anali atawawerenga kale.

Zoti mudziwe musanagule. Ndi buku lalikulu, masamba ake apitirira 1,500, si loyenda nalo mu handibagi, lipezereni malo pa tebulo. Kuti mawu onsewo akwane, pepala ndi lopyapyala ndipo zilembo ndi zazing'ono, ndiye amene mumavala magalasi owerengera muwasunge pafupi, ndipo ana ang'ono a manja a mafuta asalifike. Langa ndinalikuta ndi pulasitiki tsiku loyamba lomwe. Ndi la Chizungu chokhachokha, mulibe Chinyanja, kotero mwana wa ku pulayimale limukulira, pali ena ang'onoang'ono oyenera msinkhu umenewo. Koma wa sekondale amene akukonzekera mayeso a ECZ, wa ku UNZA kapena ku Evelyn Hone, kapena ife a mu ofesi amene timalandira makalata a Chizungu chozama n'kumasaina, ili ndi lathu. Mtengo ndi wowawa, sindinama, ine ndinachita kudikira chilimba, koma ndi chinthu chogula kamodzi ana onse n'kudutsamo.

Ku nchito ndinabwerera kwa a madamu ndi fomu ija. Ndinawauza kuti, "Madamu, tsiku lija ndinasaina ndisanamve chimene munalemba, manje ndamva, ndipo munanena zoona." Anadabwa, anati iwo ankaganiza kuti ndakwiya chifukwa sindinakambepo kanthu. Ndinawapempha kuti ulendo wina akaona cholakwika andiuze ndi pakamwa m'mawu oti ndimve pompo, chifukwa masabata awiri aja odwala anapitiriza kulandira moni womwewo. Anavomera. Chimene ndinasintha n'chaching'ono, munthu akafika pa desiki ndimachotsa manja pa kiyibodi, ndimamuyang'ana, ndipo ndikafunsa mwauka bwanji ndimadikira ayankhe. Mzere sunatalike ayi, ndi masekondi ochepa chabe. Mwezi watha kunabwera bambo wina wachikulire amene amabwera kudzatenga mankhwala a BP, nditawapatsa moni m'Chinyanja n'kudikira, anandiyankha kuti iwo ali bwinoko koma amayi kunyumba ndi amene sanagone, akudandaula pamtima kuyambira usiku. Ndinaitana a sisita aja nthawi yomweyo, anakamba nawo n'kuwauza kuti abwerere akawatenge msanga osadikira. Kale mawu amenewo sakanatuluka, chifukwa ndikanawadula ndi funso la khadi.

Mukapita kukagula, chonde musatengeke ndi za pansi pa msewu zotsika mtengo zija, ine ndinataya ndalama kale m'malo mwanu. Lowani mu shopu yopereka risiti, pemphani kuti akutsegulireni, onani ngati inki ndi yakuda bwino ndipo mawu otsogolera ali ndi mtundu wake wosiyana, yendetsani chala pa manambala a masamba malo atatu kapena anayi muone ngati akutsatana. Kenako tsegulani pa P mufufuze perfunctory, mumupeza mukangodutsa perfume pang'ono. Mukapanda kumupeza, bwezani bukulo pa shelefu.